Ndalama Zimene Pampu Inagwira

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Mutu uja unkakuvutani mukakhalitsa padzuwa unasiya? Nanga Mayi, miyendo ikuwalola kuyenda? Ndikufunsa ngati sindikudziwa, chonsecho ndikudziwa kuti miyendoyo yayenda kwambiri masabata apitawa, ndipo woituma ndine.

Ine kuno m'thupi ndili bwino. Phazi lija linagweredwa ndi katoni kuntchito laphwa, nsapato ikulowa, ndayambiranso kunyamula katundu monga kale. Kunja kwayamba kuzizira. Eni nyumba akuti zenera akonza mwezi wamawa, monga ananenera mwezi watha. Kagalimoto kanga kakutsokomolabe m'mawa uliwonse, koma kakundifikitsa. Nkhani zabwino zathera pomwepa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ndili nayo. Foniyo ndi imene yandipalamulitsa. Mawu a pafoni akafika kwa munthu wachitatu amakhala atamera nyanga, ndiye izi ndikufuna zikhale papepala, kuti aliyense wozimva amve zofanana.

Achemwali, amuna anu sanandibere ndalama. Sanatenge ngakhale kakobili. Ndinawanamizira, ndipo ndinachita zimenezi kawiri. Khalani pansi ndikufotokozereni kuyambira pachiyambi, osasiyako ngakhale pamene pakundichititsa manyazi kwambiri.

Mukukumbukira mmene alamu ananyamukira kwanuko kudzakhala nane kuno, kachikwama kumsana, makina awo osokera m'manja. Anandiuza kuti ulendo wonse anawaika pamiyendo, osalola kuti aikidwe pamodzi ndi katundu wina. Kuno chipinda changa ndi chimodzi chokha. Tinayala matiresi pansi m'mbali mwa bedi, makina tinawaika patebulo pafupi ndi zenera pomwe pali kuwala, ife n'kumadyera pamiyendo. Posakhalitsa anthu a zipinda zina anayamba kubweretsa mabuluku ofupikitsa, mazipi othothoka ndi madiresi othina. Ndikaweruka ndinkawamva makinawo ndili pamasitepe, ndipo mtima unkakhala pansi, chifukwa kale ndinkafikira m'chipinda cha zii.

Tinkanyozana monga alamu achitira. Iwo ankati mkonono wanga ukhoza kuyendetsa makina osokera popanda magetsi. Ine ndinkati achemwali anga anawalola chifukwa tsikulo anaiwala magalasi kunyumba. Lendi sankatha kuthandiza mokwanira, koma ndinkapeza chipinda chosesa, madzi otentha, ndi malaya anga onse ali ndi mabatani. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti panalibe chidani chilichonse chimene ndingabisalireko.

Tsiku limene zinayamba, phazi linali litatupa moti sindikanatha kuponda mabuleki. Alamu anandiperekeza kuntchito pagalimoto, paja chiwongolero amachitha. Kanyali ka mafuta kanali katayaka. Potsika ndinawapatsa khadi langa la kubanki, n'kuwauza nambala yake yachinsinsi, ndipo ndinati athire petulo pang'ono chabe, wotifikitsa tsiku lolandira.

Ine ndimathira pamalo amodzi nthawi zonse, pomwe umathira kaye kenako n'kulowa mkati kukalipira kwa munthu. Alamu sanapite kumeneko. Anaona chikwangwani cha malo ena atsopano kumsewu waukulu, mtengo uli wotsikirapo, n'kuganiza zondipulumutsira kangachepe. Kumeneko kulibe munthu wolandira ndalama. Kuli mapampu okhaokha, ndipo khadi umalowetsa mu pampu momwemo usanayambe kuthira.

Chifukwa cha phazi, tsikulo anandipatsa ntchito yokhala pansi, yomata mapepala pamakatoni. Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa kubanki, ndipo ndalama zimene zinalembedwapo zinali zodzaza thanki yanga kangapo konse, pafupifupi zonse zimene zinatsala mu akaunti. Ndinauwerenga uthengawo mpaka maso kuwawa. Madzulo alamu atabwera kudzanditenga, choyamba kuyang'ana chinali kamuvi ka mafuta. Kanali katangosuntha pang'ono. Ndinafunsa za lisiti, iwo anati pampuyo sinatulutse, mwina pepala linatha. Ananena zimenezi maso ali kumsewu, monga achitira aliyense woyendetsa galimoto, koma ine mumtima ndinati ndawagwira.

Tinaima pasitolo ya mankhwala kuti ndigule opaka phazi. Khadi linakana. Mayi wogulitsayo anayesanso, linakananso, anthu pamzere kumbuyo kwanga akuusa moyo mokweza kuti ndimve. Ndinabweza mankhwalawo n'kutuluka ndikutsimphina, nkhope ikutentha. Alamu anali atatsala m'galimoto, sanaone kanthu.

Ndikanawauza pomwepo. Ndikanatulutsa foni n'kuwafunsa ngati munthu kuti chachitika n'chiyani. Sindinatero. Ndinadziuza kuti ndikusunga ulemu, kuti mlamu wako sumufunsa zotere pamaso. Ulemu wake uti, poti mawa lake ndinatolera timakobili tonse ta m'galimoto n'kukagula loko.

Inde, loko wa sutikesi. Ndinamukhoma iwo ali pomwepo akusoka. Makina anaima pang'ono, kenako anapitiriza. M'sutikesimo simuli kanthu koti munthu n'kuba, muli masokosi ndi mapepala akale, koma ndinkafuna kuti amve. Khadi ndinayamba kugona nalo, n'kumalowa nalo ndi kubafa komwe. Masana linkakhala m'thumba la kumbuyo la buluku langa la kuntchito, lija la buluu, ndipo ndinkangolipapasa ndili m'chipinda mwanga momwe. Akandiseka za mkonono sindinkayankha. Akandiikira tiyi ndinkati ndamwa kale. Anandifunsa kangapo ngati phazi ndi limene likundisowetsa mtendere, ndipo ndinkangoti inde.

Munkanena inu tili ana kuti ine chikandiluma sindiyang'ana chandilumacho, ndimathamangira kwa Mayi. Ndevu zamera koma sindinasinthe. Ndinatsikira panja n'kuwaimbira. Ndinawauza kuti ndikuweta tambwali m'nyumba, kuti mkamwini wawo wandisesa mu akaunti pamene ndikumugoneka ulere. Ndinawapempha kuti asauze munthu. Ndinkadziwa bwinobwino kuti Mayi ukawauza kuti asauze munthu, iwo amamva kuti asauze mlendo. Anauza azakhali, azakhali anakafikitsa kwa achibale a amuna anu. Sindikuwaimba mlandu. Moto ndinakoleza ndine, iwo anangopemerera.

Zotsatira mukuzidziwa kuposa ine. Munawaimbira alamu mukulira. Mawu anu ndinkawamva ngakhale iwo anatuluka nayo foniyo kupita pamasitepe. Atabwerera anakhala pamatiresi, manja ali pamaondo. Kenako anandifunsa ngati ndalama zanga zinasowa tsiku la petulo lija. Ndinati inde. Anafunsa kuti zinali zingati, ndinawaonetsa uthenga uja. Anauyang'ana, anagwira pakamwa, n'kunena kuti pepani. Anayamba kufotokoza kuti pampu ija inalemba zinazake, koma ine ndinawadula, ndinati nthano sindikuzifuna. Pepaniyo ndinamumva ngati kuvomera mlandu.

Mawa lake nditaweruka sindinamve makina pamasitepe. Patebulo panali mbee, patangotsala tizidutswa ta ulusi. Matiresi anali atapindidwa bwino n'kutsamiritsidwa kukhoma, kiyi atamusiya kwa eni nyumba. Pabedi panga panali ndalama zokulungidwa m'kansalu, zomangidwa ndi ulusi wakuda. Zinali zonse zimene zinalembedwa mu uthenga uja, osachotsako ngakhale za petulo amene ndinali kuyendera ine ndemwe. Makina anali atagulitsa.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri. Chisoni sindinamve. Ndinamva kukoma. Ndinaimbiranso Mayi n'kuwauza kuti wakuba wabweza, waulula yekha, wathawa ndi manyazi. Mawu amenewo ndi amene anakuchotsani m'nyumba mwanu ndi ana kubwerera kwa Mayi, ndipo ndamva kuti kuyambira pamenepo amuna anu akaimba simuyankha.

Tsiku lolandira ndinatsegula foni kuti ndione ngati malipiro alowa. Analowa, koma mu akaunti munali zambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinayamba ndasangalala, kuganiza kuti abwana atikumbukira. Kenako ndinayang'anitsitsa. Ndalama zazikulu za tsiku la petulo zija zinali zitafufutika, pamalo pake patalembedwa tochepa, tofanana ndi petulo amene ndinawatuma alamu.

Ndinaimbira kubanki. Mayi amene anayankha anafotokoza mwaulesi, zikuoneka kuti funso limeneli amalimva tsiku ndi tsiku. Anati pampu yopanda munthu sidziwa kuti uthira mafuta ochuluka bwanji, ndipo eni ake amaopa kuti ungadzaze thanki n'kumapita mu akaunti mulibe kanthu. Ndiye usanathire imayamba yagwira ndalama zambiri ngati chikole. Ndalamazo sizichoka, zimangomangidwa, moti sungagule nazo kanthu. Ukathira amachotsapo za mafuta enieniwo, zotsalazo n'kuzimasula, nthawi zina tsiku lomwelo, nthawi zina patapita masiku. Anati zonsezi zalembedwa papampupo. Ndinapitako kukaona ndi maso anga. Zalembedwadi, pakapepala komata pambali pa polowetsa khadi, zilembo zake ngati nyerere.

Ndinamufunsa mayi uja tsiku limene anazimasula. Atanditchulira, ndinakhala pakatoni. Ndalama zinali zitabwerera kale alamu asanagulitse makina. Madzulo amene ndinkawaonetsa uthenga wakale uja n'kuwadula pakamwa, zinali zili phee mu akaunti. Banki imakuwa ikamatenga, pobweza siinena, ndipo ine sindinatsegule n'komwe kuti ndione. Wakuba ndinali nditamupeza kale, ndiye ndikanafufuziranji? Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine nkhonoyo ndinaiponda.

Kuwapeza alamu kunandivuta, chifukwa foni yanga sankayankha. Mayi wina wa chipinda chapansi, amene anamukonzera diresi, ndiye anandiuza kuti anawaona akutsuka magalimoto kuseri kwa msika, ndipo amagona kwa anzawo a ntchitoyo. Ndinapita Loweruka masana. Ndinawapeza atavala majombo, paipi ya madzi ili m'manja. Achemwali, manja osalala aja ang'ambikang'ambika ndi sopo ndi madzi ozizira. Ndinaima patali nthawi yaitali, ndikuyang'ana magalimoto a eni ake ngati ndabwera kudzagula.

Nditawayandikira n'kuwaonetsa foni, sanakwiye. Bola akanandikwapula ndi paipiyo. Anaseka, kuseka kwa munthu amene amutula katundu pamutu, n'kunena kuti ndiye kuti sanandiwonongere ndalama. Anandiuza kuti tsiku lija pampu inalemba nambala yaikulu ndi mawu ena amene sanawamvetse bwino, kumbuyo kuli galimoto ikuliza hutala, iwo n'kudina batani lovomera. Anathira pang'ono monga ndinawauzira, naganiza kuti zatha bwino. Nditawaonetsa uthenga uja ndi pamene anakumbukira nambalayo, n'kukhulupirira kuti chala chawo ndi chimene chataya malipiro anga. Makina anagulitsa pofuna kukonza chimene ankayesa kuti alakwitsa. Ndi zimenezi ankafuna kundiuza madzulo aja.

Kenako kuseka kunatha. Anatseka madzi, anapukuta manja m'malaya, n'kundifunsa funso limodzi. Anati tinkagona chipinda chimodzi, mutu wawo uli pafupi ndi miyendo ya bedi langa, nanga zinatheka bwanji kuti nkhaniyi aimvere kwa mkazi wawo, kutali konseko? Anati za makina anazivomera, poti ankadziona olakwa, koma chimene sichikuchoka m'makutu mwawo ndi kulira kwa loko uja. 

Ndalama zawo ndinawabwezera, analandira. Zobwerera kuchipinda anakana mwaulemu, anati kumene aliko n'kothina koma kulibe sutikesi ya munthu. Potsanzikana anandifunsa ngati inu mwamva. Ndinati ndilemba kalata. Anati ndilembe msanga, chifukwa iwo akaimba foni imangolira mpaka kudula yokha, ndipo ngakhale mutayankha, mawu a woganiziridwa kuba ndani angawakhulupirire.

Kuchoka pamenepo ndinathamangira kusitolo ya zinthu zakale komwe anagulitsa makina. Ndinapeza atagulidwa kale, ndipo mwini sitoloyo sakumbukira n'komwe nkhope ya wogulayo. Makina aja mumawadziwa. Ndi omwe anasoka diresi lanu la ukwati ndi mayunifolomu onse a ana. Ndagula ena, abwino ndithu, ali patebulo pomwe paja nditawaphimba ndi thaulo, ndipo ine ndikudyerabe pamiyendo. Alamu ndinawauza. Anathokoza, anati adzawaona. Sanabwerebe.

Mayi ndawaimbira kale, ndawauza zoona zake. Anangoti kalanga ine, kenako anayamba kudandaula kuti azakhali akawayang'ana bwanji. Nkhani yoipa ija anaiyendetsa tsiku limodzi, yabwinoyi akuti miyendo ikuwawa. Sindiwadabwa, chifukwa nanenso ndakhala ndi pepalali masiku angapo ndisanalembepo chilembo.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi iyende njira yomwe bodza langa linayenda. Muwawerengere Mayi, mupite nayo kwa azakhali, ndipo mukamalizire kwa apongozi anu, amene ndamva kuti asiya kupita kumsika chifukwa cha maso a anthu. Ndikukudziwani, mumakonda kundiphimba kuyambira ndili mwana, koma ulendo uno musadumphe mzere uliwonse. Pa loko paja muwerenge mokweza. Ndikudziwa kuti ndikukutumani ntchito yowawa imene ndikanayenera kugwira ndekha, koma kuchoka kuno sindingathe pakadali pano, ndipo dzina la alamu silingadikire mpaka nditapeza tchuthi.

Za banja lanu sindikulamulani, ndalowererapo kale mokwanira. Inu simunalakwe pokhulupirira mlongo wanu. Mawu anga anakufikani kawiri konse kudzera kwa Mayi, ndipo kachiwiriko ndinanena ngati ndaona ndi maso. Ngati pali wofunika kumukwiyira, musasake kutali. Ndingokuuzani kuti alamu anati sasiya kuimba.

Chomaliza, ndipo ichi sindinauze munthu. Dzulo ndikuchapa buluku la buluu lija ndinatembenuza thumba la kumbuyo, momwe ndinkabisa khadi. Thumbalo linali ndi kabowo pakona kuyambira kalekale, moti nthawi zina khadi linkasuzumira, ndipo ndinkangoti ndidzawapatsa alamu asoke. Ndinalipeza losokedwa, mizere iwiri, ndi ulusi wakuda womwe uja unamanga ndalama. Ndiye ndinakumbukira kuti m'mawa wa tsiku limene anachoka, ine ndili kubafa, khadi nditaliika pambali pa sopo, ndinamva makina akulira pang'ono n'kusiya. Ndinaganiza kuti akumaliza za kasitomala. Bulukulo ndinali nditalisiya pabedi. Imeneyo ndi ntchito yomaliza imene makina aja anagwira m'chipinda muno, kusoka thumba langa kuti khadi lisagwe. Ndinakhala pansi m'bafamo manja ali thovu lokhalokha, ndipo ndinalira.

Mundiperekere moni kwa Mayi, muwauze kuti mankhwala a miyendo ndikumbukira. Moni kwa azakhali ndi amalume. Kwa apongozi anu musawapatse moni wanga musanawawerengere kalatayi, sangaulandire, ndipo sangalakwe. Ana anuwo muwagwire m'manja mmodzimmodzi, muwauze kuti bambo awo sanabe kanthu, ndipo mutchule kuti amene ananama ndi amalume awo.

Tsalani bwino, achemwali. Foni ikalira, mudzadziwa amene akuimba.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa Mayi, amene thumba lake n'losokedwa bwino koma pakamwa pake m'pobooka.